Makapu Atatu a Atelala

4 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye amene akutisunga tonse. Muli bwanji kudamuko? Phazi lija munaponda nalo msomali linapola? Kuno tilipo. Sindinena kuti tili bwino, chifukwa mukudziwa kuti mzime wanu bodza limamutsamwa pakhosi.

Foni yanu ndayiyesa masabata awiri osapezeka. Kenako ndinakumbukira munanena kuti kumapiri komwe mukumanga damuko kulibe netiweki, chimene chimafika ndi lole ya chakudya yokha. Ndiye kalatayi ikwere loleyo pamodzi ndi anyezi.

Nkhani ndi ya kabokosi kanu koyera, kaja munatikhomera m'bafa musananyamuke, kotenthetsa madzi pompopompo popanda thanki. Kanagwira ntchito miyezi yonseyi osadandaulitsa munthu. Koma chiyambire mwezi watha kayamba zachilendo. Amayi ndimawasambitsa 10 koloko m'mawa, dzuwa likafika pawindo la bafa. Ndimatsegula shawa, kanyali kofiira kamayaka, madzi amabwera otentha bwinobwino, ndimawayesa ndi chigongono monga anandiphunzitsira Achemwali Anesi. Ndikangowakhazika Amayi pampando wapulasitiki uja n'kuyamba kuwathira, madzi amasanduka ngati otuluka mufiriji. Amafunda pang'ono, kenako kuziziranso. Munthu wofa mbali imodzi sangathawe madzi, Achimwene. Amangonjenjemera pampandopo, milomo ili bii, ine sopo ali m'manja, osadziwa ngati nditsirize kapena ndiwakulunge m'thawulo ndi thovu lomwelo.

Musandiuze za mphika. Ndinayesa kutenthetsa madzi pasitovu ngati kale, koma tsiku lachiwiri ndinaterereka nawo pakhomo la bafa, pang'onong'ono ndiwakhuthulire Amayi pamiyendo. Achemwali atamva analetseratu. Apulambala a kuno ndinawaitana, anabwera masana, anatsegula shawa, madzi n'kumatentha ngati akundinyoza. Anandiyang'ana ngati ndapenga n'kumapita.

Koma ndisangokupatsani zolira. Pali zabwino ziwiri. Choyamba, Amayi abweza liwu limodzi. Chigwereni ndi sitiroko ija munawasiya ali duu, koma mwezi watha ndikuwanyamula kuwaika pampando wa m'bafa anangoti, "Atelala." Ndinagwada pompo pamadzipo kuthokoza Mulungu. Mwa mawu onse a padziko lapansi, asankha dzina limene akhala akuwaitanira Bambo chikwatiranire. Tsopano amalitchula tsiku lililonse, makamaka posamba, chifukwa phewa lakumanja limawawawa ndikamawakweza. Amaitana mokweza ndithu, mpaka bafa lonse kulira.

Chachiwiri museka. Bambo ayamba kutsuka makapu. Inde, Bambo athu omwe aja, amene sankadziwa kuti supuni zimakhala kabati iti. Ndikangolowa m'bafa ndi Amayi, iwo amasiya makina awo osokera n'kupita kukhitchini kukatsuka makapu atatu a tiyi wa m'mawa. Ndinawayamikira, anangoyang'ana kumbali. Ukalamba uli ndi zodabwitsa zake.

Chonde ndiyankheni msanga za kabokosi. Ndiuzeni pogwira, ndigwira. Manja ndili nawo, sipanala yanu munayisiya pamwamba pa kabati.

Ndine mlongo wanu,
Mzime


16 Juni

Asisiteri Mzime,

Kalata yako yafika dzulo, ikununkhadi anyezi. Phazi linapola. Kuno kukuzizira moti m'mawa ndevu zimauma, koma ntchito ikuyenda, mapayipi a kuno munthu ukhoza kulowamo choimirira.

Za Amayi kuitana Atelala, ndinawerenga katatu. Ndinatuluka kunja ngati ndikukaona nyengo, kuopa anzanga angandione m'maso. Za Bambo ndi makapu sindikhulupirira mpaka nditaona ndekha. Uwajambule.

Tsopano tamvera. Kabokosi kaja kalibe nzeru zambiri. M'kati mwake muli kagudumu kakang'ono kamene madzi amakazunguza akamadutsa. Kakamazungulira mwamphamvu moto umayaka, kanyali n'kufiira. Madzi akachepa mphamvu, kagudumu kamafooka ndipo kabokosi kamazimitsa moto kuopa kupsa. Ndiye madzi akazizira mwadzidzidzi, kawirikawiri si kabokosi kadwala. Ndi madzi amene akufika mwaulesi. Ntchito yako ndi kupeza chimene chikuwachititsa ulesi.

Uyambe ndi kuzimitsa swichi yaikulu ya bafa, ndi kutseka madzi pa kampopi kamene kali pansi pa kabokosi. Payipi yolowa, yakumanja, uyimasule ndi sipanala. Pakamwa pake upeza kasefa kangati kachipewa ka chidole. Ukapeza mchenga kapena dzimbiri, utsuke ndi mswachi wakale. Pobwezera usamange ngati ukulanga munthu, ungothina pang'ono. Kenako uchotse mutu wa shawa, uwuviike mu viniga tsiku lathunthu, timabowo tonse titseguke. Ukatero utenge ndowa yathu ya buluu, utsegule shawa mpaka kumapeto, uwerenge nthawi imene ikudzadzira. Uchite zimenezi m'mawa, masana ndi madzulo, undiuze. Chivundikiro cha kabokosi usatsegule ngakhale mngelo atakuuza, m'menemo muli magetsi opha.

China, madzi a nyumba yathu amalowa ndi payipi imodzi. Wina akatsegula mpopi waukulu, shawa imalandidwa. Wa kukhitchini sindikuuwerengera, makapu atatu a Atelala si madzi oti angagwetse kabokosi. Amene ndikumukayikira ndi mpopi wakunja. Mayi aja achita lendi kuseri, ochapira anthu zovala aja, amachapa nthawi yanji?

Usaope. Kabokosi kameneko ndinakasankha ndekha ndipo sikanandichititsepo manyazi. Uwagwire Amayi dzanja lamoyolo, uwauze ndi la ine.

Mlongo wako,
Pulambala wa kudamu


22 Juni

Mzime,

Moni. Ndafika bwino, ndayamba ntchito lero m'mawa. Ndikulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni umangoti "chabwino Achemwali" kenako n'kuchita zako. Papepala sudzati sunamve.

Chimene chinawagwira Amayi sabata yatha ndi chibayo, si chimfine monga unkanenera. Mwayi wake ndinabwera msanga ndipo mankhwala agwira. Kachiwiri sitidzakhala ndi mwayi umenewo. Ine odwala otere ndimawaona tsiku ndi tsiku, chimene chimawatenga si sitiroko, ndi chifuwa. Munthu wa zaka zawo, wosayenda, kuthiridwa madzi ozizira nyengo ino, ndiye kumuitanira bokosi. Kusawasambitsanso sikungatheke, zilonda za pamsana zayamba kale kufiira.

Sindikukuimba mlandu. Waonda, ndakuona. Koma ndaganiza. Pa 31 Julaye ndili ndi tchuthi cha masiku awiri, ndibwera ndi galimoto. Ngati madzi a m'nyumbamo adzakhale akadali amisala, ndidzawatenga Amayi adzakhale kuno. Kwathu kuli giza yathanki yotenthetsa madzi, ndipo chipatala chili pafupi. Bambo adzatsala ndi iwe, ukudziwa kuti kuno malo alipo a bedi limodzi lokha, ndipo masitepe athu mawondo awo sangawathe.

Ndikudziwa kuti anthu awiriwa sanagonepo nyumba zosiyana zaka makumi anayi ndi zisanu. Sindine mwala. Koma ndisankha mayi wamoyo wosowa mwamuna wake. Bambo usawauze kaye.

Mkulu wako


30 Juni

Achimwene,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Kalata yanu inafika pa 25, itapezana ndi ya Achemwali, imene ndaikopera kuseri kwa pepalali kuti muone nokha pamene tafika. Ndatsala ndi mwezi umodzi.

Zonse munanena ndachita. Kasefa ndinakapeza, munali timchenga tochepa ndi kachidutswa ka pulasitiki. Pomasula payipi ndinaiwala kutseka kampopi kapansi, ndinasamba ndi zovala zomwe, musauze munthu. Mutu wa shawa unagona mu viniga, panatuluka zoyera ngati choko, tsopano timabowo tonse tikuponya madzi mofanana. Wotchi ya masekondi ndilibe, ndiye ndowa ndimaiwerengera ndi pemphero lija Amayi anatiphunzitsa tili ana, lonena podzuka. M'mawa ndowa imadzadza ndikalinena kawiri ndi theka. Masana kawiri ndi theka. Madzulo katatu. Madzi otentha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kanyali osaphethira ngakhale kamodzi.

Tsiku lotsatira ndinawalowetsa Amayi ndi mtima wonse. Ndinawakhazika, anaitana Atelala, ndinawathira pamsana, kanyali n'kuzima. Ndinamva madzi akufooka m'dzanja langa ngati munthu akukomoka.

Ndiye ndinapita kwa amayi ochapa aja. Apa ndiyenera kuulula. Sindinawafunse mwaulemu. Ndinawauza kuti madzi awo akupha mayi anga. Anandiyankha kuti iwo amachapa mbandakucha, 10 koloko amakhala akusita. Sindinawakhulupirire. Ndinagula loko n'kukhoma mpopi wakunja kuyambira 9 mpaka 11, kiyi m'thumba mwanga. Masiku anayi tsopano mpopi uli wokhoma, madzi akuzizirabe chimodzimodzi. Mayi aja sakundiyankhanso moni, ndipo akulondola.

Ndayesa kusintha nthawi. Ndinawasambitsa 2 koloko masana, zomwezo. Ndinasamba ineyo ndekha mphindi khumi Amayi asanalowe, madzi otentha mpaka galasi kuchita nthunzi. Kulowa Amayi, kuzizira. Achimwene, kabokosi aka kamadziwa amene ali pampando.

Pali chimene sindinauze munthu, ngakhale abusa. Mwezi wa Meyi, sabata yomwe madzi anayamba kuzizira, tsiku lina ndikuwasambitsa Amayi msana unandigwira, iwo akuitana Atelala, Atelala, osaleka. Mumtima mwanga munabwera mawu akuti, kodi zimenezi zidzatha liti? Ndikudziwa tanthauzo la funso limenelo. Sindinalitchule ndi pakamwa koma Mulungu samva ndi makutu okha. Kuyambira pamenepo ndimaganiza kuti mwina madziwa akundionetsa mmene mtima wanga unazizirira. Ndasala kudya Lachitatu lililonse. Ndatopa, sindikubisirani, pena ndimakhala pa ndowa yozondotsa m'bafamo n'kumangoyang'ana kabokosiko ngati kandiyankha.

Pakali pano ndikuwapukuta ndi nsalu yonyowa pabedi, shawa kawiri kokha pasabata, mothamanga. Koma zilonda zikufuna madzi oyenda. Bambo sakudziwa za pa 31. Akungosoka ndi kutsuka makapu awo.

Ndiuzeni china choti ndimasule. Sindinagonje.

Mzime


10 Julaye

Mlongo wanga,

Lero sindikutcha Asisiteri. Kalata yako yandikhalitsa pansi.

Choyamba, kabokosi sikadziwa machimo. Kamadziwa madzi basi. Kakanakhala kozima chifukwa cha zimene anthu amaganiza m'bafa, bwenzi dziko lonse likusamba madzi ozizira. Funso limene unadzifunsalo, aliyense wosamala wodwala amadzifunsa. Usiye kusala kudya, ukufuna mphamvu zonyamulira munthu.

Chachiwiri, mawerengedwe ako a ndowa ndi abwino, kabokosi kali moyo ndipo payipi ndi yotseguka. Wanena kuti kanyali kamazima ndipo madzi amafooka m'dzanja. Ndiye kuti pa nthawi imeneyo madzi akuthawira kwina. Ngati si mpopi wakunja, mwina pali payipi yong'ambika pansi pa simenti imene imatseguka ikafuna. Zimenezo sizipezeka ndi kalata. Zifuna ine ndi chitsulo chomvetsera pansi, ndipo kuno sandimasula mpaka Okutobala.

Ndiye ndachita chimene ndikuona kuti ukupempha koma ukuopa kuchitchula. Ndawalembera Achemwali kuti ndavomera, pa 31 awatenge Amayi. Wanyamula wekha mtolo wa anthu atatu, ife tikungotumiza malangizo. Upume. Ubwerere ku kwaya yako, ugone mpaka dzuwa litatuluka. Bambo adzalira koma adzazolowera, ndipo Okutobala sikutali. Usadzione wolephera.

Loko uja uchotse, ndipo kwa mayi aja ukapepese m'dzina langa, ndine ndinakutuma.

Mlongo wako


22 Julaye

Achimwene,

Moni wa Ambuye, ngakhale ndinayamba ndakwiya nanu masiku awiri ndisanathe kulemba moniyu. Ndinakuuzani kuti ndatopa. Sindinakuuzeni kuti mundichotsere mayi anga. Munthu akaulula tchimo sakupempha tchuthi. Ndinalemba pomaliza kuti sindinagonje, kapena anyezi anafufuta mzere umenewo? Komabe ndakukhululukirani, chifukwa mawu awiri a m'kalata yanu ndi amene atipulumutsa, aja akuti madzi akuthawira kwina, ndi aja akuti ndikapepese.

Ndinapita kuseri Lachinayi ndi loko m'manja. Ndinawapeza mayi aja akusita malaya a sukulu. Ndinapepesa, osati m'dzina lanu, m'dzina langa. Anandisiya ndiime kanthawi ndithu, akutembenuza kolala. Kenako anati anandikhululukira kale, chimene chinkawapweteka ndi kukhomeredwa mpopi pamene ife eni ake tikutaya madzi ngati mtsinje. Ndinafunsa kuti madzi ake ati. Anandigwira dzanja n'kundionetsa ngalande imene imatuluka kukhitchini kwathu n'kudutsa pakhomo pawo. Anati nthawi zonse ndikangotseka chitseko cha bafa, ngalandeyo imadzadza mpaka kusefukira pa sitepe yawo. Ndinati ndi Bambo amatsuka makapu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ntchito yanga ndi thovu. Madzi amenewo ndi oyera, mulibe sopo ngakhale dontho."

Lachisanu ndinawapempha kuti adzandithandize. Tinawalowetsa Amayi, tinatseka chitseko, ndinatsegula shawa, kanyali kanayaka. Tinawakhazika pampando. Anaitana Atelala kamodzi, kawiri. Kachitatu kanyali kanazima. Ndinatseka shawa, tinawafunditsa thawulo, mayi aja anawagwira, ine ndinatuluka opanda nsapato.

Phokoso ndinalimva ndili m'khonde. M'bafa sindikanalimva, chitseko chimakhala chotseka, shawa ikulira, Amayi akuitana. Mpopi wa kukhitchini unali wotsegula mpaka kumapeto, madzi akumenya sinki yachitsulo ija ngati mvula pamalata. Makapu atatu anali pambali, ouma, masamba a tiyi akadali pansi pake. Bambo anaima chogwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onse awiri, mutu uli pansi pafupi ndi madziwo, tepi yawo yoyezera ili m'khosi. Sanandimve ndikulowa.

Ndinatambasula dzanja n'kutseka mpopi. M'nyumba munangoti zii, ndipo kuchokera kubafa kunamveka bwinobwino, "Atelala."

Bambo osatembenuka anati, "Tsegula, mwanawe. Sindingathe kumumva."

Ndinawauza pang'onopang'ono za kagudumu kanu, kuti madzi amene akutayika apa ndi omwe amazimitsa moto wa m'bafa. Anandiuza ndibwereze. Ndinabwereza. Anakhala pa kampando kaja timakwerapo potenga zinthu pamwamba, n'kufunsa ngati chibayo chija anali iwo. Achimwene, mukundidziwa, ndinafunitsitsa kunama. Ndinati unali mpopi. Iwo anati mpopi sudzitsegula wokha.

Tinakhala pamenepo. Anandiuza kuti Amayi akamaitana choncho, iwo amamva ngati akuwapempha kuti adzawalanditse, ndipo alibe chowalanditsa nacho. Tsiku loyamba anatsegula mpopi kuti amwe madzi, anapeza kuti phokosolo likuphimba liwu lija. Mawa lake anatsegula kwambiri. Nditawayamikira za makapu, anaona kuti apeza pobisala. Makapuwo amawatsukuluza pomaliza, akamva chitseko cha bafa chikutseguka. Madzi akamazizira Amayi ankaitana kwambiri, iwo n'kumawonjezera mpopi.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanangolowa. Anagwira tepi ija n'kunena kuti, "Diresi lililonse limene mayi ako anavalapo ndinasoka ndine. Miyezo yake ndimaidziwa pamtima. Ndikuopa kukaona zimene zatsala."

Pamenepo ndinaswa lamulo la Achemwali. Ndinawauza za pa 31, zonse, ndi za bedi limodzi lija. Mwina ndinalakwa, ndidzapepesa. Bambo anaimirira, anatenga makapu aja n'kuwaika mukabati osatsuka, n'kupita kumakina awo.

Ndinabwerera kubafa. Tinawasambitsa Amayi mpaka kumapazi, ndinawatsuka ndi tsitsi lomwe, kanyali kali psuu osaphethira. Mayi ochapa aja ataona misozi yanga anati sanaonepo munthu akulira chifukwa cha madzi otentha.

Dzulo ndi lero madzi sanazizire. Bambo akumakhala pa makina nthawi yosamba, koma makinawo sakulira, ndikudziwa kuti akungomvetsera. Lero potuluka ndinawapeza ataima m'khonde, masitepe atatu kuchokera pachitseko cha bafa.

Payipi yanu yong'ambika kulibe. Lemberani Achemwali mubweze mawu anu, ngakhale ndikudziwa kuti lole yanu idzafika iwo atabwera kale. Ineyo ndiwauza, koma mawu anga amawatenga ngati a mwana. Zotsalazo ndazisiya m'manja mwa Mulungu, koma sipanala sindinaibweze pakabati.

Mlongo wanu,
Mzime


26 Julaye

Kwa mwana wanga woyamba,

Ndine bambo ako. Sindinakulemberepo kalata chiyambire, ndiye ukhululuke zilembo, dzanja langa linazolowera choko ndi sizasi. Uli bwanji ndi ana? Ife kuno tadzuka.

Mng'ono wako wandiuza za ulendo wako wa pa 31. Usamukalipire. Wandiuzanso za madzi. Amene ankazimitsa moto ndine. Chifuwa chimene unadzachiza chija chinachokera m'dzanja langa. Sindinadziwe, koma kusadziwa sikunawatenthetse mayi ako.

Lolemba ndinalowa m'bafa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, mng'ono wako anachita ngati sakundiona. Mayi ako anaitana, ndinayankha kuti ndili pano. Anandiyang'ana n'kusiya kuitana. Miyezi iwiri yonseyi ndinkaganiza kuti akulira ululu. Ululu ulipo, koma ankangondiitana kuti ndibwere, monga ankachitira akafuna ndimumangire zipi yakumbuyo.

Tsopano shawa ndimagwira ndine, mng'ono wako amapaka sopo. Ndaphunzira kuyang'ana kanyali. Ndawayezanso mayi ako. M'chiuno achepa mainchesi asanu ndi limodzi, phewa lakumanja latsika. Ndikusoka mkanjo wa nsalu ya thawulo wotsegula kutsogolo, wa mabatani aakulu, woti tiziwaveka akadali pampando asanamve mphepo.

Iwe ndiwe namwino, ine ndine telala, sindingakutsutse pa za chifuwa. Ubwere pa 31 monga wanenera. Koma ufike isanakwane 10 koloko, ulowe nafe m'bafa, uike chigongono chako m'madzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akazizira ngakhale kamodzi, uwatenge, ndidzakunyamulira chikwama ndekha. Akapanda kuzizira, undisiyire mkazi wanga.

Bambo ako


2 Ogasiti

Pulambala,

Moni. Kalata yako yovomera kuti ndiwatenge Amayi ndinailandira. Ina yobweza mawu, imene Mzime akuti ukulemba, sinafike, ndipo usavutike nayo.

Ndinafika 9 koloko. Ndinawayeza Amayi chifuwa, chili bwino. Zilonda za pamsana zikuuma. Ndinalowa m'bafa ndi wotchi yanga ya kuntchito, tinalimo anthu anayi m'kachipinda kaja, mpaka ine kuima mwendo umodzi pa ndowa. Mphindi khumi ndi zinayi, madzi sanasinthe. Ndinabwereza tsiku lachiwiri kuopa kuti anandikonzera. Chimodzimodzi.

Bambo amagwira shawa ngati akusita diresi la ukwati, kuyambira paphewa kutsika pang'onopang'ono. Amawalankhula Amayi za makasitomala akale amene sankabwera kudzatenga zovala zawo. Amayi anatchula Atelala kamodzi kokha, chapansipansi, ndipo sindikuganiza kuti ankaitana. Mkanjo uja ndi wabwino kuposa ya kuchipatala kwathu, ndawauza andisokere iwiri.

Mzime anandipepesa katatu chifukwa chowauza Bambo, kenako anapepesanso chifukwa chopepesa kwambiri. Ndamulamula kuti Loweruka lililonse azipita ku kwaya, mayi a kuseri aja avomera kumathandiza Bambo tsiku limenelo. Ukamabwera Okutobala ubweretse chogwirira cha pakhoma la bafa, ndipo uikenso payipi yakeyake ya kukhitchini. Pulambala wanji woika nyumba yonse pa payipi imodzi?

Ndabwerera ndekha. Matiresi amene ndinayala kumbuyo kwa galimoto ndawasiyira Mzime, ake anatha kalekale ndipo sananene.

Chinthu chimodzi chokha chabwerera m'mbuyo m'nyumba muja. Bambo asiyiratu kutsuka makapu, akuti mpopi umenewo sadzaukhudzanso. Ndinapeza atatu ali mu sinki. Ndinatsuka ndine, koma ndinadikira kaye atuluke m'bafa.

Mkulu wako